Tirigu wa Amiri Rawaha

Amiri Rawaha bin Sinani adafika pakhomo pa a Shehe Labibu dzuwa litapendeka, anthu atangobalalika kuchoka kumzikiti kuswala yamasana. Hatchi adaisiya kutali, pansi pa mkuyu, ndipo asilikali ake adawauza kuti amudikire pomwepo. Anthu a padoko adaleka ntchito n'kumayang'ana, chifukwa munthuyu sankapita kwa anthu, anthu ndiwo ankapita kwa iye. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Rawaha ameneyu ndiye adalanda chilumbacho m'manja mwa Aroma zaka makumi awiri m'mbuyomo, ndipo Sultani wa kutsidya kwa nyanja, kwawo kwa Aluya, adamupatsa udindo wa Amiri kuti azichilamulira. Adamanga linga paphiri, adamanga mzikiti, adakumbitsa zitsime mpaka kumidzi ya kumiyala. Ankamutama kuti ndiye Amiri amene nyanja sidamudyerepo munthu ngakhale mmodzi, ndipo iye akamva zimenezo sankakana. Tsopano ndevu zidali zitayera mbuu, miyendo idatupa, ndipo sing'anga wake adali atamuuza poyera kuti akakolola kawiri akhala ndi mwayi.

A Shehe Labibu ankaphunzitsa m'mawa pakhonde la mzikiti wa padoko. Masana ankasoka matanga, nsalu zikuluzikulu zija zimene zombo zimakodwera mphepo, ndipo chakudya chawo chinkachokera pa singano imeneyo. Mphatso za kulinga sankalandira. Sankazibweza mwachipongwe ayi, ankangothokoza n'kunena kuti pakhomo pawo palibe posungira.

Atalonjerana salamu, a Shehe adayala thanga lakale kuti mlendo akhalepo, n'kupepesa kuti fungo la nsomba lidakana kuchoka ngakhale nsombazo zidadyedwa kalekale. Adabweretsa madzi ndi nkhuyu zouma. Adafunsana za thupi, za ana, za mvula. Amiri adayankha zonsezo mwaulemu ngati munthu amene sali pachangu, koma nkhuyu imene adatola adangoigwira m'manja osaidya.

Kenaka adanena chimene adabwerera. Chaka chilichonse akakolola, iye ankatumiza chombo kutsidya chonyamula matumba a tirigu ndi mitsuko ya mafuta, kupita kwa akazi makumi atatu a anthu ake ena a kunkhondo. Thumba lililonse linkalembedwa dzina la mwamuna wa mayiyo, ngati kuti mwamunayo ndiye watumiza. Tsopano poti masiku ake adali kutha, ankafuna kupatula minda yachonde ya kuchigwa kuti ikhale ya Mulungu, yosagulitsa, yosagawira ana, kuti tiriguyo azipitabe iye atapita. Ankafuna munthu wokhulupirika woyang'anira, ndipo pachilumba chonse sadaone wina koma a Shehe.

"Ndikupempha chimodzi chokha, a Shehe," adatero. "Mayina a pamatumba akhale omwewo. Langa lisaoneke paliponse. Inu nomwe mumaphunzitsa kuti sadaka yobisika ndiyo imakoma."

A Shehe adavomereza kuti amaphunzitsadi choncho, ndipo adamupempherera kuti Allah amulipire pa njere iliyonse yotumizidwa ndi mtima woyera. Atatero adafunsa, mofatsa ndithu, kuti amunawo ali kuti, ndipo n'chifukwa chiyani satumiza okha.

Yankho limeneli Amiri adali atalinena kambirimbiri moti linkatuluka lokha. Adati amunawo, makumi asanu onse pamodzi ndi osakwatira, akulondera kalinga ka pamiyala kutali kumpoto, moyang'anizana ndi dziko la Aroma. Adati ntchito yawo ndi yachinsinsi, sangachoke, sangalandire kalata.

A Shehe adamaliza msoko umene adauyamba, n'kuluma ulusi.

"Bwana Amiri, mundikhululukire, ine za nkhondo sindizidziwa. Koma ndasoka matanga padoko pano zaka khumi ndi zisanu, ndipo palibe chombo chimene sindidachigwire thanga lake. Mwini chombo aliyense akabwera amandiuza kumene mphepo idamung'ambira, poti amalinyero sasunga pakamwa. Ndidasokapo matanga ong'ambikira njira zonse za nyanja ino. La njira ya kukalinga kameneko sindidalionepo. Anthuwo madzi akumwa amawapititsira ndani?"

Amiri adayang'ana kumkuyu kumene kudaima asilikali ake. Adali kutali, sakadamva. Adalingalira zodzuka n'kumapita, ndipo palibe akadamuletsa. Koma miyendo idali yolemera, komanso adazindikira kuti mtima wake wapepukako pang'ono ndi funsolo. Zaka zonsezo adali kuopa kuti wina adzamufunsa, osadziwa kuti adali kudikiranso kuti wina amufunse. Adayamba kusimba, maso ali pa thanga.

Chaka chimene adalanda chilumbacho, mudzi umodzi wa Aroma udatsala, wa malinga olimba, kuseri kwa phiri. Mbiri idamveka kuti Sultani watumiza mtsogoleri wina wankhondo, mphwake wa Sultani yemweyo, kuti adzathandize. Rawaha adadziwa kuti mphwake wa mfumu akafika, ngakhale atangogwira chitseko chimene ena athyola kale, ulemu wonse ukhala wake. Ndiye adasankha amuna makumi asanu amphamvu, adawaveka malaya achitsulo, n'kuwakweza m'chombo mbandakucha kuti azungulire phirilo akalowe mudziwo cha kunyanja. Woyendetsa chombo adamuchonderera kuti nyengo imeneyo mphepo ya kumeneko siseweredwa, adikire masiku khumi. Rawaha adamufunsa ngati kwawo amuna adatha. Munthuyo sadayankhenso, adangomasula chingwe.

Rawaha adakwera pathanthwe ndi mlamu wake, awiriwiri, kuti aone chombocho chikuzungulira. Adachiona chikukankhidwira kumiyala. Adachiona chikugawanika pakati. Munthu wovala chitsulo nyanja siimubweza, kotero kuti ngakhale mtembo umodzi sudaoneke pagombe. Patapita masiku asanu ndi limodzi, Aroma a m'mudzi muja adatsekula okha zipata chifukwa cha njala, popanda woponya muvi.

Gulu lankhondo adaliuza kuti anzawo atumidwa kumpoto. Kwa Sultani adalemba kuti chilumba chagwa ndipo palibe chombo chatayika. Mumtima ankati zinthu zikakhazikika adzakonza. Zinthu zidakhazikika, iye sadakonze. Chaka chimenecho adatumiza tirigu woyamba kuti akazi a anthuwo asavutike podikira kuti iye apeze mawu, ndipo mawuwo sadawapeze mpaka mlamu uja adamwalira, n'kutsala iye yekha padziko wodziwa kumene amuna makumi asanu adagona.

Atamaliza adaweramuka pang'ono, poti kunyada sikufa tsiku limodzi.

"Ndidalakwa, sindikukana. Koma Mulungu ndi mboni, a Shehe, palibe mkazi mmodzi mwa iwowo adagonapo ndi njala. Chaka cha dzombe ana anga adadya kamodzi patsiku, koma chombo chidapita chodzaza."

A Shehe adati zimenezo akuzikhulupirira. Kenaka adafunsa ngati Amiri akulikumbuka dzina loti Tamimu. Amiri ankawadziwa mayina onse pamtima, poti ankawalemba yekha pamatumba. Adati Tamimu adali mnyamata wamtali, wamanzere, amene adabwera kunkhondo atangokwatira kumene.

Mkazi wake, a Shehe adatero, dzina lake ndi Umaima. Adakhala m'banja miyezi iwiri. Adalibe pathupi pomwe mwamuna ankachoka. Patatha zaka zisanu, bambo ake adapita naye kwa kadhi, woweruza wa mumzinda mwawo, popeza padali wosula zitsulo wina, munthu wabwino wofedwa mkazi, amene ankafuna kumukwatira.

Apa a Shehe adafotokoza lamulo pang'onopang'ono, monga ankachitira ndi ophunzira awo. Mkazi amene mwamuna wake wasowa, osadziwika ngati ali moyo, ali ndi khomo lotulukira: kadhi amafufuza, mkaziyo amadikira zaka zinayi, kenaka amakhala eda ya namfedwa, miyezi inayi ndi masiku khumi, akatero wamasuka. Mkazi amene mwamuna wake ali moyo koma samusamala alinso ndi khomo lake: kadhi amathetsa ukwatiwo. Makomo awiri amenewa Mulungu adawaikira akazi kuti asawole ali moyo.

"Umaima adagogoda khomo loyamba. Kadhi adamuonetsa thumba, adati mwamuna wako sadasowe, dzina lake ndi ili, lalembedwa chaka chino. Adagogoda lachiwiri. Kadhi adamuonetsa thumba lomwelo, adati akukudyetsa. Adapitako katatu, Bwana Amiri. Wosula zitsulo uja adatopa, adakwatira kwina, ana ake tsopano akuweta mbuzi. Mukadapanda kutumiza kalikonse, mayi ameneyo akadavutika ndi njala chaka chimodzi kapena ziwiri, abale akadamugwira dzanja, ndipo lero akadakhala akulera ana akeake."

Amiri Rawaha ankadziwa kutalika kwa makwerero ofunika pa linga lililonse pongoliyang'ana. Za eda, za makomo a akazi, sadaziganizirepo ngakhale tsiku limodzi. Amuna ambiri ndi otero, akadzaza nkhokwe amayesa amaliza. Zaka makumi awiri, tulo tikamuthawa, ankadzitonthoza powerenga matumba aja, ndipo ankayembekeza kuti pa Tsiku la Chiweruzo ndiwo adzamuyankhulire. Tsopano adaona kuti thumba lililonse lidali mpiringidzo, ndipo ndiye adaupiringidza ndi dzanja lake, chaka ndi chaka, osaphonya.

Adafunsa ndi mawu otsika kuti a Shehe adazidziwa bwanji zonsezi.

A Shehe sadabise. Kadhi uja adaphunzira nawo kwa mphunzitsi mmodzi ali anyamata, ndipo adawalembera kalata kupempha kuti amufunefune Tamimu, amuuze kuti abwerere kwa mkazi wake kapena atumize talaka, amumasule. A Shehe adakwera kulinga ndi kalatayo. Mlonda wa pachipata adawauza kuti Tamimu ali moyo kumpoto koma kalata sizipita. Iwo adatsika n'kuyankha mnzawo kuti akuti ali moyo.

"Ndidalemba chimene sindidaone. Pambuyo pake matanga adayamba kundiuza zina, koma ndinkati si ntchito yanga kukayikira Amiri, ine ndi wosoka chabe. Ndidautcha ulemu, koma adali mantha. Choncho musaganize kuti mukulankhula ndi munthu woyera m'manja. Pa zaka za Umaima, zina ndidadya ndine."

Mawu amenewa adamulasa Amiri kuposa chidzudzulo. A Shehe akadamukalipira, iye akadadziwa podzitetezera, poti moyo wake wonse udali wobweza mikondo. Koma munthu wokhala naye pansi pamlandu womwewo sakadamubweza.

Komabe adayesa kuzemba. Adati mwana wake Mudiriki ndiye akuyembekezeka kulowa m'malo mwake, kalata ya Sultani ili m'njira, ndipo nkhaniyi ikamveka mphwake wa mfumu uja, amene adakali moyo ndipo sadaiwale ulemu umene udamuphonya, aigwiritsa ntchito. Mnyamatayo adalakwanji? A Shehe adavomera kuti sadalakwe kanthu, ndipo adati n'kutheka ndithu kuti mpandowo umuphonya. Sadawonjezere mawu otonthoza, poti padalibe oona.

Amiri adati ndiye alembe zonse m'kalata, aimate, idzatsekulidwe iye ataikidwa. A Shehe adafunsa kuti adzaitsekule ndani, ngati si mwana yemweyo amene kalatayo idzamugwetse, ndipo ngati n'chifundo kusiyira mwana yesero limene bambo wake lidamukanika. Adatinso kadhi samasula mkazi ndi pepala limene aliyense angati n'lopeka. Amafuna munthu wamoyo woima pamaso pake n'kunena kuti ndidaona ndi maso angawa. Ndipo maso amene adaona adatsala awiri okha.

Apo Amiri adatulutsa ganizo limene adaliona lanzeru koposa onse. Adati atumize uthenga kuti mliri wagwa kukalinga kuja chaka chino ndipo onse atha. Akaziwo akhala eda, amasuka, dzina lake silidetsedwa, Mudiriki salandidwa kanthu. Aliyense apeza chake. Adafunsa kuti pamenepo cholakwika n'chiyani.

A Shehe adaika singano pansi.

"Bwana Amiri, mukuganiza kuti amayi amenewa akhala akuganiza chiyani zaka zonsezi? Mwamuna amatumiza tirigu, koma mawu ngakhale amodzi ayi. Sabwera, saitana, samasula. Amalinyero amandiuza zimene zimayankhulidwa pazitsime kumeneko. Amati amuna athu adapeza akazi oyera a Chiroma, akutiponyera chakudya ngati nkhuku kuti tisalire. Kuli ana amene adakula osafuna kumva dzina la bambo awo. Kuli mayi wokalamba amene adamwalira atanena kuti mwana wake asadzaponde pamanda ake. Amuna amenewa adafa akumvera lamulo lanu, ali ndi mayina a akazi awo pakamwa mwina. Palibe adawaswalira, palibe adawapemphera dua, palibe adapereka sadaka m'dzina lawo. M'malo mwake atembereredwa zaka makumi awiri ndi anthu amene ankawakonda. Mukanena kuti afa chaka chino, ndiye kuti mwasindikiza kuti zaka zina zonsezo adalidi moyo ndipo adalidi ouma mtima. Inu mudzatsala ndi dzina labwino, koma lidzakhala lopangidwa ndi mayina awo."

Padoko ankatsitsa katundu m'chombo china, ndipo phokoso la onyamula linkamveka mpaka pakhomopo. Amiri adakumbukira woyendetsa chombo uja akumasula chingwe osayankha. Munthuyo adali ndi ana aakazi atatu. Nawonso ankalandira thumba.

Adalankhula ngati munthu wodzifunsa yekha. Adati wasala kudya masiku osawerengeka chifukwa cha nkhaniyi, wamanga mzikiti, walira pamkeka wa swala mpaka mkeka kunyowa, nanga zonsezo zapita pachabe? A Shehe adati kwa Mulungu kulibe chopita pachabe, ndipo chimene munthu walakwira Mulungu, Mulunguyo amafafaniza akaona misozi, poti chifundo chake n'chachikulu kuposa nyanja imene idamiza chombocho. Koma chimene munthu walakwira mnzake Mulungu adachisiya m'manja mwa wolakwiridwayo, ndipo salanda. Mlandu suwola. Mzikiti sungakhululuke m'malo mwa Umaima.

Ndiye a Shehe adamuuza chochita, mosazungulira. Minda aipatule ndithu, tirigu azipita, ndipo iwo avomera kuyang'anira, koma pamatumba palembedwe dzina la Rawaha bin Sinani, kuti wolandira adziwe chimene akudya, ndipo wofuna kukana akane. Chombo cha chaka chino akwere yekha. Akaime pamaso pa kadhi anene tsiku, malo, ndi amene adalamula. Akatero ayende khomo ndi khomo, wapansi, akauze mayi aliyense kuti mwamuna wanu sadakutayeni, adafa m'mawa wakutiwakuti, ndipo ndidamupha ndi kunyada kwanga ndine. Iwo a Shehe adati apita nawo, ali ndi mawu a m'kalata yawo ija, onena kuti Tamimu ali moyo, oti akawabweze.

Amiri adafunsa ngati adzamukhululukira.

A Shehe adati sakudziwa. Ena mwina, ena adzamulavulira, ndipo wolavulayo adzakhala sadalakwe. Adati asapite kukatenga chikhululuko, apite kukapereka maliro kwa eni ake, poti maliro ndi a eni ake ndipo iye wawasunga nthawi yaitali.

Amiri Rawaha adalingalira zimene akataye. Mpando, mwana, nyimbo zomutama, zonse adaziona zikuchoka, ndipo adadabwa kuti sizidamupweteke monga ankayembekezera. Chidamupweteka ndi china, chimene adachisunga komaliza chifukwa ankaliopa yankho lake. Ankadziwa chiwerengero. Matumba adayamba ali makumi atatu. Chaka chatha adatumiza makumi awiri ndi asanu.

"A Shehe, asanu mwa amayiwa adamwalira akudikira. Mmodzi ndi mkazi wa woyendetsa chombo. Kwa amoyo mwandionetsa njira. Nanga kwa awa ndikagogoda khomo liti?"

A Shehe Labibu adamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo m'maso mwawo mudalengeza misozi.

"Ndawerenga mabuku zaka makumi anayi, Bwana Amiri, ndipo khomo limenelo sindidalipeze. Sindikunamizani kuti lilipo. Asanu amenewo mudzakumana nawo pamaso pa Mulungu, ndipo adzakufunsani okha, ine sindidzatha kukuyankhirani. Chimene chatsala m'manja mwanu n'chakuti asakwane asanu ndi mmodzi. Mukakocheza kutsidya musayambe ndi nyumba yapafupi. Mukafunse amene wakalamba kwambiri, mukayambe ndi iyeyo."